Anamusiyira Pikapu Yopanda Injini

Banja litatha, anagwirizana kuti nyumba ikhale ya mwamuna, pikapu yakale ikhale ya mkazi. Mkaziyo ankaweta nkhuku, ndipo makasitomala ankangomutchula kuti Mayi Mazira. Mwamunayo anavomera mosavuta, zomwe zinadabwitsa aliyense womudziwa.

Pikapuyo inabwera Loweruka m'mawa, yokokedwa ndi chingwe. Mayi Mazira atatsegula boneti, anaona dothi la pansi. Injini munalibe, mawaya okha ali lendelende.

Anaimba foni. "Bambo a ana, injini ili kuti?"

"Tinagwirizana za galimoto, za injini sitinakambe," anayankha mwamunayo. "Mukaifuna, mubwere mudzapemphe bwinobwino."

Mayi Mazira sanalire. Analunjika kwa mchimwene wake, makaniko wa kagalaja ka kuseri kwa msika.

"Chemwali, kapepeseni basi," anatero makaniko. "Mlamu akungofuna mumugwadire."

"Achimwene, maondo angawa anagwada mokwanira. Ndipezereni injini ina."

"Ya mtundu umenewu mungagulitse nkhuku zonse, osakwanitsa."

"Za mtundu wanena ndani?"

Pakona pa galajayo panali minibasi yomwe inagubuduzika. Thupi lake linali nyenyenye, koma injini yake ya dizilo inali yamoyo. Mwini wake anavomera kusinthana ndi bedi ndi sofa, katundu wa m'nyumba yekhayo amene Mayi Mazira anatuluka naye m'banja. Mayiyo anayamba kugona pansi, ndipo tulo ankatipeza ndithu.

Injiniyo inakana kukhala. Inali yaitali, yonenepa, miyendo yake yosagwirizana ndi mabowo a pikapu. Tsiku lililonse, akadyetsa nkhuku, Mayi Mazira ankavala ovololo ya mchimwene wake n'kugwirira zitsulo pamene iye akuwotcherera. Anatsuka yekha thanki kuti fungo la petulo lithe. Giyabokosi anaika ya minibasi yomweyo, moti ndodo ya magiya inatulukira pafupi ndi bondo la woyendetsa. Atamaliza zonsezo, boneti inakana kutseka.

"Iduleni pamwamba, muwotcherere chitsulo china," anatero mayiyo.

"Iwoneka ngati ili ndi linunda."

"Ine sindikuifunira mwamuna, achimwene. Dulani."

Tsiku loliza injini, bambo a ana anatulukira pa galimoto yawo yatsopano, atavala malaya oyera. Winawake anali atawatsina khutu.

"Alamu, mukuwonongeranji galimoto?" bambowo anamufunsa makaniko uja, osamuyang'ana mkazi wawo wakale. "Injini yake ilipo, ikungochita dzimbiri kwanga. Munthu angotsitsa mtima."

Mayi Mazira anakwera n'kupotokola kiyi. Injini inatsokomola, n'kukhala chete. Anayesanso, chimodzimodzi. Bambo a ana anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"M'mapaipi muli mpweya," anatero makaniko chapansipansi. Mayiyo anatsika, n'kuyamba kupopa kapampu ka dizilo ndi chala chachikulu mpaka chinatupa, thovu litasiya kutuluka. Anakweranso.

Ulendo uno injini inabangula, malata a galaja n'kunjenjemera. Chiutsi chakuda chinafuka kumbuyo, pomwe panaima bambo a ana. Anayamba kukalipa, manja ali m'mwamba.

"Mukuti chiyani?" anakuwa Mayi Mazira pazenera. "Sindikumvani!"

Anaponya giya, koma magiya a minibasi anali asanawazolowere. Pikapu inabwerera chafutambuyo, kulunjika galimoto yatsopano ija. Bambo a ana anathamanga ngati mwana kukaichotsa. Makaniko analumphira mkati, mlongo wake n'kupeza giya yoyamba, ndipo anatuluka pageti.

Pachitunda chopita kumsewu waukulu, pomwe injini yakale inkafuna kukankhidwa, pikapu inakwera osapumira. Atafika pamwamba, msewu unayamba kutsetsereka.

"Achimwene, mabuleki tinawaona?"

Makaniko anagwiritsa chitseko. "Ndimati ndikuuzeni mawa. Ingoyendani pang'onopang'ono."

Mayi Mazira anaseka mpaka misozi, n'kuponya giya yachitatu.