Smart ndi Bwato la a Khalfan

Pakhomo pa hotela yomwe Smart ankagwirapo ntchito ya ulonda ku Deira, kudziko la Aluya, panali bwato lakale lamatabwa, losongoka mbali zonse ziwiri. Linali la malemu bambo awo a Khalfan, eni hotelayo, ndipo ankapita nalo kokawedza mzindawu usanadzaze ndi nyumba zosanja.

Smart anali wa ku Mchinji, ndipo bwato anali asanakwerepo. Koma anzake achimwenye a ku Kerala akamacheza za nyanja ya kwawo m'basi yobwerera ku Hor Al Anz, iye ankasowa chonena. Tsiku lina anangowauza kuti anakulira pa bwato ku Nkhotakota. Nkhaniyo inayenda mpaka inawapeza abwana.

Mu Disembala 2003, pa chikondwerero cha dziko lawo, a Khalfan anaganiza zolitsitsira bwatolo m'madzi a Creek kuti adzukulu awo aone kuti likadali lolimba. Amisiri analimata bwinobwino. Poti mkuluyo msana unkawavuta, anaitanitsa Smart kuti awapalasire. Smart anafuna kukana, koma anthu anali atasonkhana kale pagombe.

Atalowa, sanadziwe kuti kutsogolo ndi kuti. Nkhafi imodzi inkazama, inayo ikungomenya mphepo, bwato n'kumazungulira pamodzimodzi. Kenako abra ya injini, yowolotsa anthu, inadutsa pafupi n'kuutsa mafunde. Smart anasiya nkhafi, anakakamira thabwa ndi manja onse awiri, maso ali tsinzi. Bwato linakwera funde, linatsika, linakweranso, osamwa madzi ngakhale pang'ono.

"Khalas, basi, mwana wanga. Sendera uko," anatero a Khalfan motsitsa mawu.

Mkuluyo anagwira nkhafi, ndipo sanalitembenuze n'komwe bwatolo. Anangosintha kokhalira, mbali yomwe inali kumbuyo n'kukhala kutsogolo, ndipo anapalasa pang'onopang'ono mpaka kumtunda, adzukulu akuwaombera m'manja. Potsika anthu anachita kuwagwira mkono a Khalfan chifukwa cha msana uja. Smart anaziona zimenezo.

Palibe amene anamuseka. Mmodzi mwa anzake a ku Kerala anamupatsa botolo la madzi akuyang'ana kumbali. Smart ankalakalaka akanangomunyoza zithe. M'mawa mwake anapempha kuti amusinthire kuseri, koimika magalimoto, ndipo m'basi ankanamizira kugona mpaka kukafika.