Foni Yosaona Simukadi

Mumsewu wonsewo ankamutchula kuti Adokotala, chifukwa mafoni akufa ankatuluka m'kashopu kake ali amoyo. Koma pa zaka khumi zimene anakhala akukonza mafoni, mayiyu anali asanagwirepo foni ngati imene alamu ake anabwera nayo Lachiwiri m'mawa.

Alamuwo anali amuna a mkulu wake, okonza mawotchi amene anapuma ntchito manja atayamba kunjenjemera. Anaiika patebulo itakulungidwa m'kampango.

"Mwana wanu wanditumizira kuchokera kunja kumene akugwira ntchito kuja," anatero. "Akuti iyi ilibe chinsinsi, mapulogalamu ake aliyense atha kuwawerenga n'kuwasintha. Koma chiilandirireni sinalirepo."

"Mwina inaona nkhope yanuyo, alamu, n'kuchita mantha."

Ataiyatsa, foniyo inalemba kuti mulibe simukadi, chonsecho inalimo. Adokotala anaitulutsa, n'kuipukuta bwinobwino, n'kuibwezera. Zii. Anaiyesa mufoni yake, mizere inayi ya netiweki inadzuka nthawi yomweyo. Ndiye kuti simukadiyo inalibe mlandu.

Anachotsa chivundikiro chakumbuyo. Pamwamba pa batire panali timaswichi tisanu ndi kamodzi, tating'ono kuposa njere za mpunga. Swichi m'kati mwa foni? Zaka zonsezi anali asanaonepo zotere.

Alamu anatulutsa m'thumba kagalasi kawo koonera mawotchi, n'kukapanikiza padiso.

"Kamodzi kagona, tinzake taimirira," anatero chapansipansi, akuyang'ana kukhoma.

"Alamu, mukuyang'aniranji kumbali?"

"Ndinangokagunda pang'ono ndi singano tsiku loyamba lija. Munthu ungalandire chinthu osaona m'kati?"

Adokotala anaseka mpaka misozi. Atawerenga timalemba tapambali pake, anazindikira kuti kaswichi kameneko kamadula moto wopita ku modemu, kachipangizo kamene kamalankhula ndi nsanja za netiweki. Anakadzutsa ndi nsonga ya pini, n'kuyatsanso foniyo. Simukadi inaoneka.

Koma mizere ija sinabwere. Foni inangolemba kuti ikusaka. Alamu anatuluka nayo panja, ataikweza m'mwamba ngati akuitana basi, mpaka telala wapafupi anawafunsa ngati zonse zili bwino. Anabwerera foni ili chimodzimodzi.

Apa Adokotala anakoka mpando. Analumikiza foniyo ku laputopu, n'kutsegula tsamba lakuda lolembapo malamulo. Mafoni ena akadwala amangokhala duu, iwe uzichita kulota. Iyi inayamba kudziulula yokha, mzere ndi mzere: ndapempha kulowa, andikana, ndapemphanso, andikananso. Anawerenga chala chili pagalasi la laputopu, milomo ikuyenda. Kasitomala wina anasuzumira pakhomo, anapereka moni kawiri, n'kupita osayankhidwa.

"Taonani nambala iyi," anatero Adokotala. "Si ya kampani ya simukadi yanu. Mwana uja poiyesa komwe aliko anaiuza kuti izigwira netiweki imodzi yokha, yakomweko. Ndiye kuno ikungogogoda pakhomo la eni, akuibweza."

"Ndiye muiuze kuti yasamuka."

Adokotala anasintha kuti izidzisankhira yokha netiweki. Onse awiri anawerama, mitu itatsala pang'ono kugundana. Kwa mphindi yathunthu sipanachitike kanthu. Kenako mzere watsopano unatuluka wonena kuti yalandiridwa, ndipo foniyo inayamba kunjenjemera patebulo, mameseji a mlungu wonse akulowa mothithikana.

Asanawerenge ngakhale imodzi, inalira. Anali mkulu wake wa Adokotala, ndipo mawu ankamveka mpaka pakhomo.

"Bambo, makiyi a nyumba muli nawo ndinu! Ine ndaima panja ndi katundu kuyambira kalekale!"

Alamu anagwira thumba la jekete, makiyi n'kulira. Anazula chingwe, n'kutuluka chothamanga, chivundikiro cha foni chili m'dzanja lina.

Adokotala anatsala ndi tsamba lakuda lija. Anabwerera pamwamba penipeni, pamzere woyamba, n'kuyamba kuwerenga bwinobwino, cholembera chili kukamwa.