Mbale Yopendekera ya a Ilarion

Pakhomo pa a Ilarion ndi akazi awo a Paraschiva, m'mudzi wa oumba mbale kumapiri a ku Oltenia, panalibe chotaya. Zopalapala za dongo zinkalowa mumgolo wa madzi kuti zifewenso. Mbale ikasweka mu uvuni, ankaisinja n'kusakaniza ndi dongo latsopano. Ndipo uvuniwo sankausonkhera moto usanadzaze, poti nkhuni zinali zosowa.

Chaka china, atangothyola zipatso za mapulamu, a Ilarion anadwala matenda opha ziwalo. Anadzuka ndithu, koma dzanja lamanja silinabwerere mwakale. Komabe m'mawa uliwonse ankadzikoka n'kukakhala pa gudumu loumbira. Mbale zinkatuluka zokhota, zina zothina kukamwa, zina zobooka pansi. Madzulo a Paraschiva ankazitola n'kuziponya mumgolo, kenako n'kukanda dongo lomwelo kuti amuna awo apeze choumba.

"Mayi, dongo ili ndalidziwa," anatero a Ilarion tsiku lina. "Si lomwe lija landikana dzana?"

"Likukanani bwanji? Lakuzolowerani kuposa ine."

"Ndiye nonse awiri ndinu ouma mutu."

Nyengo yachisanu yonse inatha choncho. Chipale chofewa chitayamba kusungunuka, a Ilarion anaumba mbale imodzi imene inaima. Inali yopendekera, m'mphepete muli chidindo cha chala chachikulu, koma inaima.

"Iyi yokha mundiwotchere," anatero. "Ndimwerepo msuzi."

"Uvuni wonse uja chifukwa cha kambale kamodzi? Dikirani udzaze, bambo. Ikapita Pasaka tiwotcha."

A Ilarion sanatsutse, poti lamulolo linali lawo lomwe. A Paraschiva anaika mbaleyo pa thabwa kuti iume. Pasaka isanafike, amuna awo anagona masana atadya, osadzukanso.

Mwana wawo wamkazi Veturia, amene ankasamalira okalamba ku Italy, anabwera ku maliro. Ataika maliro, iye anasowa chochita ndi manja ake, ndiye analowa m'nyumba youmbiramo n'kuyamba kusesa. Anapukuta gudumu, anakonza mathabwa. A Paraschiva atalowa ndi khofi, maso awo anathamangira pa thabwa lija. Panalibe kanthu.

"Panali mbale apa."

"Yokhota ija? Ndaiponya mumgolo, amayi. Inali yosawotcha."

A Paraschiva anaika khofi pansi, napinda mkono wa bulauzi, n'kupisa dzanja m'madzi ozizirawo. Anafufuza mpaka pansi. Anangotulutsa matope okhaokha, akuyenderera pakati pa zala.

Amayi ake atamuuza za mbaleyo, Veturia anakhala pansi pomwepo, nagwira pakamwa.

"Mukanandiuza, amayi."

"Wachita zimene tinakuphunzitsa, mwanawe. Wokana kuwotcha ndinali ine."

Analira onse awiri, wina uku wina uko, osagwirana.

Mwambo wokumbukira malemu utayandikira, panafunika mbale zogawira anthu pamodzi ndi tirigu wophika ndi kandulo. A Paraschiva anakana kugula kwa oumba anzawo. Anakhuthula mgolo wonse, nayanika matopewo pa thabwa, n'kuwakanda. Veturia, amene anasiya kuumba ali mtsikana, anakhala pa gudumu la bambo ake. Mbale zoyamba zinagwa, koma manja anakumbukira. Mbale zonse zimene dongolo linapereka sizinafike n'komwe pakati pa uvuni. A Paraschiva anayang'ana malo otsalawo kwa kanthawi, kenako anatuma mwana wawo kukatenga nkhuni.

Kumanda anagawa mbalezo imodziimodzi, aliyense wolandira akunena kuti Mulungu awakhululukire a Ilarion. Itatsala imodzi, Veturia ananong'ona kuti, "Iyi sungani, amayi." Koma kumbuyo kwa mzere kunali gogo wina wosaona bwino, atatambasula kale manja. A Paraschiva anaigwira pang'ono mbaleyo, n'kumupatsa.

Veturia anakwera basi Lolemba lotsatira kubwerera ku Italy. A Paraschiva anakhalabe m'mudzimo zaka zingapo, akuthandiza anansi kupenta mbale, koma uvuni wa pakhomo pawo sunayakenso.