Chimbale Chachiwiri cha Kadziwotche

Anzake a kuntchito ankamutchula kuti Kadziwotche, chifukwa kwa zaka makumi awiri ntchito yake inali kugwa, kupsa ndi kugundidwa ndi galimoto m'malo mwa akatswiri a m'mafilimu. Nkhope yake sinkaoneka. Akunyumba kwake ankamuzindikira ndi msana.

Filimu yomaliza imene anagwirako inali ya zilombo zochokera m'mlengalenga, ndipo inagwedeza dziko lonse. Chilombo chachikulu chija, cha manja anayi, anali iyeyo. Milungu khumi ndi umodzi anakhala m'chigoba cha labala cholemera ngati thumba la simenti, akupumira pakapaipi. Tsiku lomaliza anamuuza kuti adumphe kuchokera pamwamba pa chombo cha m'mlengalenga. Chingwe chinali chokhwefuka, ndipo anafikira chiuno pansi n'kukomoka. Kuyambira pamenepo amayendera ndodo.

Ali m'chipatala kunabwera anthu awiri ndi kamera. Anamufunsa mafunso kwa maola awiri, n'kumulonjeza kuti zonsezo zidzakhala pa chimbale cha zowonjezera, filimuyo ikadzatuluka yoonera kunyumba.

Loweruka limene zimbalezo zinafika m'sitolo, mwana wake wamkazi anakagula m'mawa. Kabokosi kake kanali konyezimira, m'kati muli zimbale ziwiri, ndipo pa chachiwiri analembapo kuti "Maola atatu a zimene simunazionepo". Masana Kadziwotche anavala shati yoyera. Anaitana mlamu wake, bambo wa pakamwa posatseka, komanso ometa tsitsi a khomo loyandikana, amene anabwera ndi mpando wawowawo. Mkazi wake anatseka makatani kuti dzuwa lisawale pa TV.

"Filimuyo tinaionera kale," anatero mlamuyo. "Ikani chachiwiricho, alamu, tione ngati nkhope yanu siswa galasi."

"Ine kamera inandikonda, alamu. Ikanakhala nkhope yanuyo ikanazima yokha."

Onse anaseka, mwana uja n'kuika chimbale.

Poyamba panabwera wotsogolera filimu, atakhala pampando wawofuwofu, ndipo analankhula za maloto ake kwa ola lathunthu. Kenako katswiri wamkulu anafotokoza mazira amene ankadya patsiku kuti minofu ituluke. Ometa tsitsi anayamba kuodzera. Kenako pa TV panalembedwa kuti "Kubadwa kwa chilombo", ndipo Kadziwotche anakhala tsonga.

"Chilombo chimenechi chinabadwira m'kompyuta," anatero wotsogolera uja, akuloza anthu okhala pamakompyuta. "Kayendedwe kake, kapumidwe kake, zonsezo ndi luso la anthu awa."

Panaoneka manja akuvula mutu wa chigoba. Linatulukira khutu lonyowa ndi thukuta, basi chithunzi n'kusintha.

"Khutu lanu lija, adadi!" anatero mwana uja, akuyesetsa kusangalala.

"Mwina zanuzo anasungira kumapeto, bambo," anatero mkazi wake.

Kumapeto kunali "Zoseketsa za pojambula". Katswiri uja anaiwala mawu ake n'kutulutsa lilime. Chitseko cha chombo chinakana kutseguka. Kenako kunayamba kanyimbo ka zisudzo za ana, ndipo chilombo chinaima pamwamba pa chombo, chinatambasula manja anayi aja, n'kudumpha. Anaikamo likhweru lotsika nacho limodzi, ndipo chitafika pansi inalira ng'oma, khu! Anachibweza m'mwamba, chinagwanso. Katatu konse.

Mlamu uja anafa nalo phwete mpaka kudzimenya pantchafu. Atatembenuka kuti aone ngati ena akuseka, maso ake anagwera pa ndodo imene inatsamira pakhoma. Phwete linathera pakhosi.

"Zimitsa," anatero mkazi wa Kadziwotche.

"Ayi. Bwezera," anatero iye.

"Adadi..."

"Ndati bwezera. Uchotse mawuwo."

Ulendo uno sanayang'ane chilombo. Anayang'ana anthu amene anali kumbuyo kwake. Chaka chonse ankauza aliyense kuti atagwa anthu onse anathamangira pamene panali iye, ndiponso kuti katswiri wamkulu anamugwira dzanja mpaka ambulansi itafika. Amene anamuuza zimenezo anali bwana wa kampani ya filimuyo m'chipatala muja, ndipo iye ankazinena monyadira ngati anaziona yekha.

Pa TV, wotsogolera anali ataweramira kagalasi kake koonera zojambulidwa. Anakweza chala chachikulu m'mwamba. Katswiri uja ankamwa madzi, mayi wina akumupaka zodzoladzola kumaso. Pansi, dzanja limodzi la chilombo linkafumbata n'kutambasuka, kufumbata n'kutambasuka. Kadziwotche anawerenga chamumtima. Anafika pa khumi ndi zinayi chithunzi chisanasinthe, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene anasuntha phazi.

Ometa tsitsi anakumbukira mwadzidzidzi kuti pali kasitomala amene akuwadikira, ndipo anatuluka mozemba ndi mpando wawo. Mlamu anaima pakhomo akupotokola chipewa.

"Alamu, pepani. Sindinadziwe kuti ndi pamene paja."

"Musadandaule, alamu. Nyimboyo anaiikira dala kuti museke."

Atatsala okha, mwana uja analira mokwiya. Anati alemba zonse pa intaneti kuti dziko lidziwe amene anali m'chigobamo. Bambo ake anapukusa mutu. Anthu a kamera aja anamusainitsa pepala mankhwala oletsa ululu ali m'mutu, ndipo pepalalo linkati kampani ingachite chilichonse ndi zithunzi zake, koma iyeyo asamalankhule za ngoziyo pagulu.

Patapita miyezi inayi foni inalira Kadziwotche akuyeseza kukwera masitepe. Anali mayi waulemu kwambiri wa ku kampani ija. Anati akukonza filimu yachiwiri, ndipo chilombo chidzabwerera chili chovulala. Wotsogolera ankafuna kuti Kadziwotche abwere tsiku limodzi lokha, ayendeyende pamaso pa makamera, kuti kompyuta itengere mmene amatsimphinira.

"Muwauze kuti sindibwera," anatero iye.

"Palibe vuto, bambo," anayankha mayiyo mwansangala. "Tili nazo zija tinakujambulani m'chipatala mukuphunzira kuyenda. Tigwiritsa ntchito zomwezo. Tsiku labwino."

Mkazi wake anafunsa ali m'chipinda kuti waimba ndani.

"Alakwitsa nambala," anatero Kadziwotche, n'kugwira chitsulo cha masitepe kuti akweze mwendo.