Mzere Wopita ku Billings

Lowell Haugen anayamba kumanga ndege yake ya mipando iwiri pa 3 Malichi 2008, ndipo inauluka koyamba pa 18 Meyi 2019, iye ali ndi zaka 74. Shedi yake yosungiramo ndege inagundana ndi yanga pa kabwalo kathu ka ndege kumadzulo kwa Minnesota, choncho zimene ndikunenazi ndinaziona ndekha.

Ankafuna kunyamula mkazi wake Darlene pa ndegeyo mpaka ku Billings, kwa mwana wawo Kirsten. Darlene anavomera, koma anaika lamulo.

"Bambo a Kirsten, mukakomoka m'mwambamo ine ndigwira chiyani? Ndidzakwera tsiku limene ndegeyo izidzatsata njira yokha."

Chiphaso cha kwa dokotala chomulola Lowell kuuluka chinali kutha pa 30 Sepitembala.

Kuti ndege itsate njira yokha, makina awiri ayenera kumvana. GPS imadziwa kumene ukupita, otopailoti imagwira chiwongolero. Pakati pawo pamadutsa waya woonda, ndipo onse awiri uyenera kuwatchera pa liwiro limodzi lotumizirana uthenga. Makina a Lowell sankamvana. Otopailoti inkasunga mapiko bwinobwino, koma mzere wa pa GPS inkangoudutsa ngati palibe.

Mu Juni ndinamufunsa: "Akulu, manambala a liwiro munawayang'ana?"

"Iwe Vern, mathalakitala ndakonza zaka makumi anayi. Ndi 9600 uku, 9600 uko. Pita ukamalize kandege kako kaja, kakhala kopanda mapiko chiyambire Kirsten ali kusukulu."

Pakati pathu, ndege yomanga mwini suigwira asanakupemphe.

Pa 22 Juni anasintha waya. Pa 9 Julayi anausinthanso, n'kuika wina wokutidwa. Mu Ogasiti msana unamukaniza kugona chagada pansi pa bolodi la mageji lakutsogolo kwa woyendetsa, ndiye anaboola misomali 112 n'kuchotsa chitsulo chonse chapamwamba pake kuti mawaya awafikire ataimirira. Kuchibwezeretsa kunamutengera masabata atatu. Ulendo uliwonse akatera ankalemba mawu amodzi m'buku la ndege: sizinatheke.

Lachinayi pa 26 Sepitembala, cha m'ma 2 koloko masana, anandiitana.

"Kwera uone. Usagwire kanthu, ungoona."

Ndinakwera, ndinatsegula tsamba la zotchera pa makina onse awiri. Pa otopailoti panali 9600. Pa GPS panali 4800. Mphindi imodzi sinakwane.

Sindinasinthe. Ndinaloza ndi chala. "Tawerengani apa."

Anawerama, napendeketsa mutu ngati nkhuku yosuzumira kabawi.

"9600."

"Akulu, pali 4800."

Anavula magalasi, nawapukuta ndi malaya, nawavalanso. Sanayang'anenso pa GPS.

"Chinayamba mu Epulo," anatero. "Kachimtambo pakati pa diso. Lamanja kaye, pano onse. M'mbali ndimaona, Vern. Bwalo ndimaliona."

"Mwauluka maola angati chiyambire Epulo?"

"Makumi asanu ndi awiri."

"Alamu kunyumba akudziwa?"

"Ukawauza ndiwe?"

Ndinasintha nambalayo. M'mawa mwake tinauluka, ine pa chiwongolero, iye mpando wakumanja kwa nthawi yoyamba m'ndege yake. Pa mafiti 4,500 ndinadina batani n'kuchotsa manja. Ndege inapendeka pang'ono kumanzere, inaupeza mzere, n'kukhazikika pamenepo. Tinayenda mamailosi 60 osapatuka. Pokhota inakhota yokha.

"Ikutsata?" anafunsa.

"Ikutsata."

"Mawaya oyamba aja analibe vuto, eti?"

"Analibe."

Tinabwerera n'kutera.

Darlene tinamupeza pa shedi atanyamula fulasiki ya khofi ndi makapu atatu. Anandifunsa ine, chifukwa anaona kuti ndatsikira kumanzere, mbali ya woyendetsa.

"Alamu, yatheka?"

"Yatheka."

"Ee! Ndiye ndikalongedze chikwama? Ndimuimbire Kirsten atidikire Lamlungu?"

Lowell anali akutsikabe pa phiko, phazi likufufuza popondera.

"Usalongedze, mayi," anatero. "Khala pansi kaye."

Ndinawasiya. Ndili m'shedi yanga ndinamva mawu a Darlene akukwera kamodzi kokha: "Chiyambire Epulo? Ndiye mumafuna kundikweza?"

Pa 30 Sepitembala Lowell sanapite kukapimidwa kuti apatsidwe chiphaso china. Pa 4 Okutobala dokotala wa maso anamuletsanso kuyendetsa galimoto. Ndinauza Darlene kuti ndikhoza kuwaulutsa ine, mmodzimmodzi, popeza mipando ndi iwiri. Anandithokoza, nati iye ankafuna kupita ndi mwamuna wake.