Tebulo la Odikira Magalimoto

"Makilomita 400? Bodza lamkunkhuniza limenelo!" anatero Ometa, mwini malo ometera tsitsi, akumenya tebulo mpaka tiyi kutayikira m'sosala. "Amangolemba papepala kuti tigule. Ukukwera chitunda, wayatsa choziziritsa mpweya, kumbuyo kuli apongozi ndi zikwama zawo, ungafike 400 iwe?"

A Tepi anatulutsa kope lachikuto chakuda m'thumba la jekete, n'kunyowetsa chala, n'kuyamba kuvundukula masamba. Iwo anali opima malo opuma pantchito, ndipo dzina loti a Tepi linachokera pa tepi yoyezera yomwe ankayendabe nayo ngakhale panalibenso choti ayeze. Munthu wotere sumufunsa mtunda mongocheza, amakuyankha ndi masamu.

"Ndi batire laling'ono lomwe munasankha inu, apongozi ali kumbuyo, mufika 260," anatero a Tepi. "Ndi lalikulu, 345. Mukawatsitsa apongozi muwonjezerepo asanu ndi atatu."

"Ndiye ndizingowatsitsa panjira basi!"

Anamwino anaseka mpaka kutsamwa. Anali atangoweruka, akadali mu yunifolomu, nsapato zili mbuu ndi fumbi la pamalo okwerera basi.

Tebulo limeneli linali la odikira. Linali pakona m'kanyumba ka tiyi koyang'anizana ndi kampani yogulitsa magalimoto a magetsi. Anthu amene anaitanitsa magalimoto ankabwera Loweruka lililonse kudzafunsa ngati sitima yafika padoko. Akauzidwa kuti sabata yamawa, ankawoloka msewu kudzadandaulira limodzi. Poyamba analipo khumi ndi mmodzi, mpaka ankabwereka mipando patebulo lina. Ankakangana za mitundu ya utoto, za kukula kwa matayala, za kutchajira kunyumba kapena kusiteshoni. Koma aliyense galimoto yake ikafika ankagulira anzake tiyi, n'kunena kuti, "Ine ndizibwerabe, musadandaule." Palibe ndi mmodzi yemwe anabweranso. Munthu wa galimoto yatsopano amakhala ndi kopita, sangaononge Loweruka kukhala pakona. Tsopano anatsala atatu.

"Ine ndili ndi nkhani," anatero Ometa, akutulutsa foni. "Andilembera dzulo. Yanga yatsika m'sitima. Lachitatu ndikukaitenga."

"Eee! Zabwino zonse!" anatero Anamwino, ngakhale mawu awo anatsika pang'ono kumapeto. "Ife a batire lalikulu ndiye tinalakwa chiyani? Ndinagulitsa yakale ija mwezi wachisanu uno, ati yatsopano ili panjira. Zipatala zanga zazing'ono zitatu zija ndimayendera pabasi, bokosi la katemera lili pamiyendo. Dzana ndinafika amayi atatopa kudikira, ena atabwerera ndi ana awo."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero a Tepi.

"Nkhono imeneyi mwina ilibe maso, bambo."

"Koma ine ndizibwerabe," anawonjezera Ometa. "Musadandaule."

A Tepi anangoyang'ana m'kapu mwawo. Mawu amenewo anali atawamva kasanu ndi katatu, ndipo ankawawerenga.

Zoti anzawo sankazidziwa bwino n'zakuti kwa a Tepi sabata yonse inkatsamira pa Loweruka. Akazi awo anamwalira miyezi isanu ndi inayi yapitayo, galimoto itaitanitsidwa kale. Mwana wawo mmodzi yekhayo anali kunja, ndipo ankaimba Lamlungu kwa mphindi zisanu, theka la nthawiyo n'kumafunsa ngati akumwa mankhwala. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu a Tepi ankalankhula ndi wailesi basi. Ankadzuka, kusesa pabalaza pomwe panalibe wodetsa, kutsuka kapu imodzi ndi mbale imodzi, kenako n'kukhala pansi kuwerengetsera anzawo makilomita. Lachisanu masana ankasita malaya. Pofika Loweruka mawu ankatuluka okhakhala ngati chitseko chosatsegulidwatsegulidwa, koma ankatuluka ndithu, ndipo panali owamva.

Chitseko cha kanyumbako chinatseguka, n'kulowa wogulitsa wa kukampani kuja, taye ili pakhosi, faelo ili m'khwapa. A Tepi atamuona anakweza kope lawo kumaso ngati akuwerenga zilembo zazing'ono. Sizinathandize.

"Bambo, mwandithawa mokwanira," anatero wogulitsayo mwaulemu koma mokweza. "Foni simukuyankha. Galimoto yanu yakhala kuseri kwathu masabata atatu tsopano. Pokandika pomwe munanena paja tinayang'ana tonse, mpaka abwana anabwera ndi tochi, palibe. Akuti mukapanda kusaina pofika Lolemba, tiipereka kwa wotsatira pamndandanda."

Ometa anatsitsa kapu pang'onopang'ono.

"Masabata atatu?" anafunsa Anamwino. "Galimoto yake iti?"

"Yobiriwira, ya batire lalikulu," anayankha wogulitsa, asakudziwa kuti waponda pachilonda. Anatsegula faelo. "Ndipotu wotsatira wake ndinu, mayi. Munanena kuti mtundu uliwonse mulandira."

Anamwino anatembenukira kwa a Tepi. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo n'zimene zinapweteka kwambiri.

"A Tepi, Loweruka latha lija ndinkadandaula pano, inu n'kumati nanunso mwatopa kudikira. Munanditonthoza ndi mwambi. Masabata atatu ine ndikulimbirana mpando m'basi, yanu ili phee kuseri kwa mpanda uwo? Mukanakana msanga bwenzi ine ndikuyendera."

"Aaa, akulu," anatero Ometa, akupukusa mutu. "Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ife tikulira sitima, inu mukubisa galimoto ngati mowa wa m'nyumba ya abusa?"

Palibe anaseka. A Tepi anatseka kope, n'kuika manja onse awiri pamwamba pake. Manyazi anawagwira mpaka m'makutu munatentha.

"Ndinapita kukaitenga," anayamba motero. "Tsiku lomwe anandiimbira ndinapita. Galimoto ija sindinasankhe ine. Ine ndinkafuna yoyera, ya batire laling'ono, chifukwa masamu anga ankati n'lokwanira. Mayi a kunyumba anakana. Anati yobiriwira, ndipo batire likhale lalikulu kuti tizikafika kwa achemwali awo osaima panjira. Anasankhanso mpando wofunditsa msana, wa mbali yawo yokha, chifukwa msana unkawavuta. Tinakangana masiku awiri. Anapambana iwo, monga mwa nthawi zonse."

Nkhope ya Anamwino inafewa pang'ono.

"Ndiye ndinalowamo. Mwana uyu anandionetsa podina. Ndinadina, ine n'kumadikira kuti ilire. Akuti yayaka kale, bambo. Ndinazungulira bwalo lawo lija kamodzi. Yakale yathu ija inkachita phokoso moti ukakhala wekha sumadziwa kuti uli wekha. Iyi ayi. Ndinkamva kupuma kwanga. Ndinkamva lamba wa mpando winawo akugunda pachitseko, wopanda womumanga. Pagalasi lakutsogolo panalembedwa kuti nditha kuyenda makilomita 412. Ndinawerengetsa pomwepo. Kusitolo ndi kubwera, awiri. Kokatenga mankhwala, anayi. Kuno, asanu ndi limodzi. Pasabata khumi ndi awiri. Batire limenelo lingandikwanire miyezi isanu ndi itatu osatchaja. Ndinatsika, n'kunena kuti yakandika pachitseko."

"Nanga osangotiuza bwanji?" anafunsa Ometa, mawu atatsika.

"Tebulo lino ndi la odikira. Ndikanabwera ndi makiyi mukanandiimbira m'manja, ine n'kukugulirani tiyi. Loweruka linalo ndikanabwera kudzadikira chiyani? Ndinalakwa, mayi. Ndinkaopa kukhala ndekha, n'chifukwa chake ndinakunamizani. Za basi zanu ndinkazimva, koma ndinkadziganizira ndekha."

Wogulitsa anayamba kuyang'ana kudenga ngati kuli cholembedwa. Mayi a tiyi, omwe ankapukuta tebulo loyandikana nalo kwa nthawi yaitali kuposa mmene linkafunira, anabwerera kukauntala.

"Ndani ananena kuti wa galimoto saloledwa pano?" anafunsa Anamwino.

"Palibe. Koma anthu asanu ndi atatu aja ali kuti?"

Ometa anakanda m'mutu n'kubweza foni yawo m'thumba.

"Tengani galimoto yanu, bambo," anatero Anamwino. "Anakusankhirani ndi mayi. Ine ndapirira miyezi isanu, ina iwiri sindifa nayo. Mkwiyo wanga usakulandeni chinthu cha malemu."

A Tepi anayang'ana nsapato za Anamwino, kenako anatembenuka n'kuyang'ana kutsidya kwa msewu, komwe denga lobiriwira la galimoto ija linkaonekera pang'ono pamwamba pa mpanda. Ankadziwa bwino lomwe zomwe zitsatire. Akaitenga iwo, Anamwino akhalabe pampando uwo Maloweruka angapo, akudandaula za basi, iwo n'kumamvetsera. Akaipereka, tebulo litha lero lomwe. Masamu ake anali osavuta ngakhale kwa mwana wa sukulu.

"Kuchokera kwanu kukafika chipatala chakutali chija ndi makilomita angati?" anafunsa.

"Mwina 140."

"Ndi 146. Kupita ndi kubwera 292. Mutsala ndi okwanira kupatukira kuchipatala chachiwiri chija." Anatembenukira kwa wogulitsa. "Mwana wanga, bweretsa pepalalo. Ulembe kuti yobiriwira ndi ya mayi awa. Ine undiike pamalo pawo pamndandanda."

"Bambo, ndiye kuti mudikiranso. Sitima ina sitikudziwa kuti ifika liti."

"Kudikira ndiye ntchito yomwe ndimaitha."

"A Tepi, musachite zimenezi chifukwa cha manyazi," anatero Anamwino.

"Si manyazi. Mayi aja anagula batire lalikulu kuti liziyenda. Akanamva kuti likupita kusitolo kukagula sopo basi, akanandidzudzula mpaka kumanda komweko." Anasaina. "Batani la mpando wofunditsa lili kumanzere, pansi. Mukanyamula wodwala msana, muzimuyatsira. Limadya makilomita atatu okha."

Anamwino anagwira dzanja lawo ndi manja awiri, misozi ili m'maso. Tiyi wa tsiku limenelo analipira iwo, monga mwa mwambo wa tebulolo. Potsanzikana pakhomo anatembenuka.

"Ine ndizi..." Anaima, n'kuseka mwamanyazi. "Ayi, ndisanene. Mwamva kokwanira."

Loweruka lotsatira a Tepi anafika pa nthawi yake, malaya ositasita. Ometa sanabwere. Anatumiza chithunzi pafoni ali chilili pambali pa galimoto yofiira, apongozi atakhala kale kutsogolo. Anamwino anatumiza uthenga masana: afika kuchipatala chakutali amayi asanabalalike, ndipo pobwera batire latsala ndi makilomita 58. A Tepi anatsegula kope. Iwo anali atalosera 53. Analemba kusiyanako m'mphepete mwa tsamba, n'kuyankha kuti, "Mumayendetsa bwino, mayi." Anafuna kuwonjezera zina, koma anafufuta.

Loweruka lachiwiri kunagwa mvula. Mayi a tiyi anabwera kudzatenga mipando iwiri ya patebulopo kuti apatse anthu ena.

"Tengani umodzi," anatero a Tepi. "Winawu usiyeni kaye."

"Mukudikira munthu, bambo?"

"Ndikudikira galimoto."

"Yanu ija ati mpaka chaka chamawa."

"Ndikudziwa."

Mayiwo anawayang'ana, n'kusiya mipando yonse iwiri, n'kuwawonjezera tiyi osafunsa.

A Tepi anakhala monga ankakhalira nthawi zonse, msana kuwindo, nkhope kukhoma. Kope linali lotsegula koma sankawerenga. Ankatchera khutu kumsewu. Galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro panja mtima wawo unkadumpha, ikapitirira unkabwerera pamalo pake. Inadutsa lole, inadutsa njinga yamoto, inaima basi n'kunyamukanso. Anamvetsera choncho kwa ola lathunthu, tiyi mpaka kuzizira.

Kenako anakumbukira. Galimoto yobiriwira ija ilibe phokoso. Itati ibwere, ikhoza kuima pakhomo pomwepo, mwini wake n'kusuzumira, n'kuona msana wa nkhalamba yowerama pakope, n'kuganiza kuti asaisokoneze. Iwo sangamve kanthu.

Anaimirira, n'kunyamula mpando wawo, n'kuutembenuza kuti uyang'ane kumsewu. Anapukuta nthunzi pagalasi la windo ndi mkono wa jekete, n'kukhalanso pansi.