Chingwe cha Marou

Maukonde otayidwa m'nyanja amafika pano pachilumba cha Erub atakola akamba ndi nsomba zowola. Ife azimayi timawatsuka, kuwamasula, n'kulukira zinyama zikuluzikulu zokapachika m'mizinda. Chaka chino tinaluka shaki, chinsomba cholusa chija, wotalika kuposa boti, wa mawaya ndi timagetsi ta dzuwa m'mimba, wopita ku mzinda wa Cairns.

Mu Febuluwale, ndikumasula ukonde wina wonunkha, ndinapezamo chingwe cha nangula. Kumapeto kwake chinali chokulunga ndi waya wa kopa. Pachilumba chonse chino wochita zimenezo anali mchimwene wanga Marou yekha, ndipo tinkamuseka nazo. Marou anapita panyanja zaka ziwiri zapitazo osabwerako. Apa ndinadziwa: ukondewo unakola injini ya boti lake.

Mkazi wake, Seriana, ankakhulupirirabe kuti ali moyo ku Papua. Malaya ake ankasita Loweruka lililonse. Ndikanamuuza bwanji, inu? Kutaya chingwecho kunandikanika. Ndinachilukira mkati mwa msana wa shaki, n'kukutira ndi ulusi wobiriwira. Mantha basi, ndisakunamizeni.

Tsiku lokweza shakiyo m'sitima anayesa magetsi. Zinthu zopanda chisoni zija zinawala mpaka mumsana, waya wa kopa uja kuti ng'ani. Seriana anali atagwira kumchira. Anasiya, nalowetsa dzanja m'nthiti.

“Waluka apa ndani?”



“Ndine, alamu,” ndinatero.

“Mwachipeza liti?”

“Febuluwale.”

Anawerenga miyezi ndi zala, pang'onopang'ono, mpaka isanu ndi iwiri.

“Tsiku ndi tsiku mumamwa tiyi kwanga, Melora. Mumandiona ndikupita kudoko kukamudikira.”

Ndinatulutsa mpeni wanga. “Dulani, alamu. Shakiyu aphwasuke, tilukanso. Tikachikwirire kumanda, mchimwene akhale ndi mwala wake.”

Mpeniwo sanauyang'ane n'komwe. Anatulutsa dzanja, napukuta pa diresi.

“Munamuika kale m'manda nokhanokha, osandiitana,” anatero. “Nyamulani, sitima ikudikira.”

Tinanyamula. Shakiyo ali ku Cairns tsopano, akuti ana amamujambula usana wonse. Seriana amakhala nyumba yachitatu kuchokera panga. Tikakumana kutchalitchi amandipatsa moni wabwinobwino, wonditchula dzina la bambo anga, monga amachitira ndi anthu aboma.